Tsiku Limene Ndinathila Feteleza mu Ekisikaveta

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Amene muli kumbuyo sendelani kuno, mawu anga anapsa ndi kachasu, safika patali. Ine ndine Tembo, makanika, ndipo ndaimilila pano chifukwa ndinachotsetsa munthu ntchito ndi bodza. Munthuyo ndi a Mwanza. Zamowa muzimva, zogona m'ngalande muzimvanso, koma mlandu wanga weniweni ndi umenewo.

Ena mwa inu mumandidziwa ndi dzina lakuti a Khutu. Dzinalo sindinabe. Kuyambila ku Sasare mpaka ku Nyimba, chigayo chikadwala, thalakitala ikatsokomola, ankaitana ine. Ndinkatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga pa injini, chogwilila kukhutu, n'kutseka maso. Pakapita kanthawi ndinkanena matenda, ndipo nthawi zambili ndinkalasa. Choipa chake, kwathu kuno munthu akakondwa sakuthokoza ndi manja okha. Amati tiyeni mutsukeko kukhosi. Ndinatsuka kukhosi m'midzi yonse ya Petauke. Poyamba ndinkamwa makina akalila. Kenaka ndinayamba kumwa ndisanawagwile, ati kuti manja asanjenjemele.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, amai Daka, amene ali ndi kakampani kokumba madamu, anabweletsa ekisikaveta cha ku Ndake kuti akumbe damu mvula isanagwe. Woyendetsa wake anali a Mwanza aja, munthu wosalankhulalankhula, wosamwa ngakhale thobwa logona. Makina a masiku ano si ngati amene ndinakulila nawo. Pambali pa thanki ya dizilo pali kathanki kena ka chivindikilo chabuluu, m'mene amathilamo madzi oyela otchedwa adibulu. Pali kapampu ka magetsi kamene kamakoka madziwo n'kuwapemelela mu ekizozi kuti utsi utuluke wosaipa. Kapampuko kakangosiya, kompyuta ya makina imakwiya. Imayatsa nyale yachikasu, kenaka imachepetsa mphamvu, mpaka chimakina chonsecho chimatukula dothi ngati munthu amene akuchila malungo. Izi ndikukuuzani lelo. Nthawi imeneyo sindinkadziwa ngakhale chimodzi.

Nyale itayaka, amai Daka ali ku Lusaka, anauza a Mwanza pa foni kuti afune makanika wapafupi. Anthu anati kulibenso wina, itanani a Khutu. Ndinafika masana, nditatsuka kale kukhosi, mudzi wonse utazungulila damu ngati kuli mpila. Ndinaika sikuludilaiva pa injini, ndinatseka maso. Abale, injini ija inkaimba bwino kuposa kwaya yathu. Ndinamvela kuno, ndinamvela uko, palibe chogogoda, palibe cholila. A Mwanza anandionetsa kagalasi ka m'kati mwa makina, pamene panali manambala ndi zilembo, n'kunena kuti mwina tiyambe tafunsa tanthauzo lake kwa odziwa. Ndinawayankha kuti manambala ndi a ana a sukulu. Chilungamo chake, sindinkatha kuwawelenga, ndipo anthu anali akundiyang'ana.

Pamene ndinkazungulila makina kufuna chonena, ndinaona chigubu chopanda kanthu cha adibulu uja. Ndinawelenga pambali pake: yuleya ndi madzi. Yuleya. Ine mwana wa mlimi, mkamwini wa kwa mfumu Kalindawalo, wina angandiuze chiyani za yuleya? Mutu wanga unagwila ntchito mofulumila kwambili, monga umachitila mutu wa munthu woledzela. Chimanga chikasowa yuleya chimasanduka chachikasu. Nyale iyi ndi yachikasu. Chimanga chikasowa yuleya chimafooka. Makina awa afooka. Ndinatsala pang'ono kudziombela m'manja. Mumtima ndinati a ku Lusaka amagulitsa anthu madzi osukuluka, makina ali ndi njala chabe. Koma sindinauze munthu. Ndinafuna kuti anthu adzati ndi manja a Khutu, osati thumba la kumunda. Ndinangoti matenda ndawaona, ndibwela mailo.

Kunyumba, amake Tisa, akazi anga, anali atasunga thumba lawo la yuleya kuseli kwa chitseko, kudikila kubeleketsa chimanga. Thumba limenelo ankaliyang'ana kawili pa tsiku, kuposa m'mene ankandiyang'anila ine. Atapita kukatunga madzi, ndinapungula theka, pansi pake ndinaika njelwa ziwili kuti thumba liime msinkhu wake wakale. Ndinasungunula yuleya ndi madzi a pachitsime m'ndowa yochapila, ndinatakasa ndi mthiko. Kuti muone kuti ndinali munthu wosamala, ndinasefanso ndi chitenje chawo chopita nacho kumaliko.

M'mawa mwake ndinafika pa damu. Ndinatuma a Mwanza kuti akandifunile waya kumudzi, ndipo atangopotoloka ndinathila zanga zija m'kathanki mpaka pakamwa. Pothila ndinatsamila mawaya, ndinawagwedeza osadziwa. A Mwanza atabwela n'kuliza makina, nyale inazima. Mphamvu inabwelela. Amai a m'mudzi anaimba nthungululu, madoda anandigwila chanza ndi manja awili, ndipo pasanapite nthawi ndinali pansi pa mtengo, chikho kukamwa, kuwafotokozela kuti makina amandiopa.

Dzuwa lisanafike pamutu nyale inayakanso. Fyuzi ya kapampu, kawaya koteteza magetsi, inali itapsa. A Mwanza anali ndi ina yapadela, tinaika, inapsanso. Manje munthu wanzelu akaona fyuzi yapsa kawili amadziwa kuti ikumuuza kanthu. Ine ndinati fyuzi za masiku ano n'zaulesi. Ndinadula kawaya ka mpanda n'kulumikiza pamalo pake, a Mwanza ali pampando sakuona. Kapampu kanalila kamphindi, kenaka kunamveka fungo ngati la nshawa zopselela. Makina anafookelatu, ngakhale kutembenuka ankachita kuganizila.

Amai Daka anafika tsiku lachitatu. Ndi mzimai wamfupi, koma akakwiya amatalika. Anatsegula kathanki, anaviikamo kamtengo, kanatuluka ndi madzi a mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Anafunsa kuti wathila izi ndani. Apa ndiye pamene ndinagwela, abale, osati m'ngalande muja. Ndinawatengela pambali, ndinatsitsa mawu ngati munthu womvela chisoni, n'kunena kuti oyendetsa makina amatelo, amagulitsa adibulu weniweni kwa a malole n'kudzazamo madzi. Sindinatchule dzina. Panalibe chifukwa, woyendetsa anali mmodzi. A Mwanza anakana kamodzi kokha. Amai Daka atawalanda makiyi, anamanga bulangeti ndi kapoto kawo pa njinga, anandiyang'ana, n'kumapita. Ine ndinapita kukamwa kuti ndiiwale m'mene anandiyang'anila.

Kuchoka pamenepo zinthu zinathamanga. Damu silinathe, mvula inagwa, makina anakhala pompo atafunda tenti. Anthu sanadziwe zimene ndinachita, koma anadziwa kuti makina anafela m'manja mwa a Khutu, ndipo zigayo zinayamba kupita kwa ena. Ndinayamba kumwela zida zanga. Jeke inapita koyamba chifukwa inali yolemela kunyamula. Masipanala anatsata limodzilimodzi, kuyambila aakulu. Sikuludilaiva ija ndinaimwela pa Khisimasi.

Mu Januwale amake Tisa anatsegula thumba, anapeza njelwa. Sanakuwe. Anathila yuleya wotsalayo mpaka pamene anathela, anadikila masabata atatu, kenaka ananditenga kumunda n'kundiimika pakati. Kudzanja lamanja chimanga chobiliwila, kumanzele chachikasu, malile ake owongoka ngati ajambula ndi chingwe. Anandiuza kuti nkhani ya madzi a tiyi m'thanki anaimva kuchigayo, ndipo chitenje chawo chakumaliko chinauma gwa ngati chikopa, sanachite kufunsa sing'anga.

"Chimanga ndingakukhululukileni," anatelo. "Koma a Mwanza ali ndi ana. Pitani mukanene, ndipo musabwele musananene."

Mukudziwa mkamwini alibe nyumba yothamangitsilamo munthu, wochoka ndi iye. Zovala zanga anazilongeza m'thumba lomwe lija la feteleza. Koma kwa amai Daka sindinapite. Ndinapita ku Nyimba, kumene ndinkanyamula nthochi za amai a pamsika kuwapelekela ku mabasi, n'kumwa chilichonse chimene chapezeka. Ndinkagona pansi pa matebulo awo masana, ntchentche zikuchita msonkhano pamaso panga. Mwana wanga Tisa anadutsa tsiku lina pa basi ya ku Lusaka, anandiona pa zenela, anatembenuza nkhope. Zinandipweteka kwambili, koma ndinachita zimene ndinkadziwa, ndinakamwanso.

Tsiku lina mu Meyi, m'mawa dzuwa litakwela, ndinagwela m'ngalande ya pamsewu waukulu, mutu pansi, miyendo m'mwamba. M'munsimo munali matope ndi makoko a nthochi, ndipo ndinaona kuti mpabwino, ndigone. Ndinamva munthu akundikoka mwendo. Ananditulutsa, anandithila madzi kumaso, anandikhazika pa kaliyala ya njinga. Nditapendama, anatenga malegeni amene amamangila makala n'kundimanga m'chiuno ngati mbuzi yopita kumsika. Nditakweza maso ndinaona msana umene ndimaudziwa. Anali a Mwanza. Chichotsedwele ntchito ankagulitsa makala pa njinga.

Ndinafunsa kuti tikupita kuti. Anati ku Ndake, amai Daka abweletsa munthu wodziwa makina, tikaone. Anayamba kupalasa. Abale, palibe mankhwala ochotsa mowa m'mutu oposa ulendo umenewo. Ndinayesa kumasula malegeni, koma a Mwanza amamanga makala ndi mtima wonse. Pa mitunda ankatsika n'kumakankha, ine ndili pompo, anthu akufunsa ngati ndi matenda kapena malonda. Ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, malaya ong'ambika pa phewa, zidendene zong'aluka. Munthu amene ankakhala pampando wa makina, mphepo yozizila ikumuomba. Ndinalakalaka anditukwane. Sananditukwane, anangondipatsa botolo la madzi.

Pa damu tinapeza amai Daka ndi mzimai wina wovala ovolosi, dzina lake a Chanda, wochokela ku Kopala, kumigodi. Ndinadikila kuti ndione m'mene amvelele injini. Sanailize n'komwe. Analumikiza laputopu, anawelenga manambala aja ndinawanyoza, n'kunena kuti manambala sanena chimene chafa, amangoloza kumene uyambile kufuna, ndipo apa akuloza ku magetsi a kapampu. Anayang'ana uku ndi uku, anandiona nditangomasulidwa kumene.

"Ba Tembo, ndamva ndimwe amakanika. Gwilani waya wakuda uyu apa, musasunthe."

Ndinagwila. Anayamba ndi mita yawo yoyezela magetsi pa batile, moto unalipo wokwana. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, anatulutsa kawaya kanga ka mpanda, anakanyamula m'mwamba kuti aliyense akaone. Anati fyuzi ndi mlonda, imafa kuti pampu ikhale moyo, ndipo amene anaika aka anathamangitsa mlonda. Ine ndinayang'ana mitambo. Anaika fyuzi yoyenela, anayesa lileyi, kabokosi kakang'ono kamene kamatsegulila moto, kanali kabwino. Anazula pulagi ya kapampu, anayang'ana mano ake, anayeza, moto ukufika. Kenaka anayeza waya wa ethi, umene umabwezela moto ku chitsulo cha makina. Pamenepo mita inayamba kuvina. Akagwedeza waya nambala isintha, akausiya isinthanso.

Anatsata wayawo ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka pa bawuti yakuseli kwa kathanki. Inali yobiliwila ndi dzimbili, yokutidwa ndi zoyela ngati mchele, chifukwa adibulu akatayikila pothila amauma n'kudya chitsulo. Anati matenda oyamba anali awa: moto unkafika koma unkasowa pobwelela, tsiku lina ugwila, tsiku lina ayi. Mankhwala ake sandipepa wopalila dzimbili ndi sipanala imodzi, ntchito yoti tiyi sangazizile. Abale, ndinadziwa pomwepo chimene chinazimitsa nyale tsiku lija. Sanali yuleya wanga, chinali chigongono changa chimene chinagwedeza waya.

Atayeza kapampu anati kanapsa m'kati. Anamasula sefa yake, inatuluka itadzala matope ndi mchenga. Ananunkhiza, anapekesa ndi zala, n'kunena kuti awa ndi madzi a pachitsime ndi feteleza wa kumunda. Yuleya wa makina ndi wosefedwa kufakitale, madzi akenso ndi oyeletsedwa, pamene wakumunda ali ndi zinyalala zimene zimatseka sefa. Pampu inakoka mpaka kutopa, fyuzi inayesa kuiteteza, wina anaikaniza.

Amai Daka anatembenukila a Mwanza n'kuyambanso pamene analekela mu Okutobala. Anati mlimi ndi inu, feteleza mumam'dziwa ndi inu, ndipo muli ndi mwai kuti simunagone kupolisi. A Mwanza anangogwila njinga yawo, maso pansi. Ine ndinangogwilabe waya wakuda uja ngakhale unalibenso ntchito. Mumtima ndinkati zitha, angokalipa, kenaka aliyense azipita.

A Chanda anali akadatokosa sefa ndi kawaya. Anati chikuwadabwitsa n'chakuti wochita izi sanali wakuba. Wakuba amathila madzi okha, sataya feteleza wake. Uyu ankafuna kuchilitsa makina, mpaka anasefa. Anatulutsa kaulusi kofiila, kenaka kachikasu, anakaika pachikhatho, n'kunena kuti chinali chitenje chabwino ndithu.

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina malegeni aja, chifukwa m'chiuno munkawawabe. Ndinangomva mawu anga akuti: "Chitenje chimenecho n'cha akazi anga."

Ndinanena zonse, ndowa, mthiko, njelwa, kawaya ka mpanda, ndi bodza limene ndinawanong'oneza amai Daka. Ndinalila ngati mwana, mamina ndi matope a m'ngalande zonse pamodzi. Zimene amai Daka ananena sindingazibweleze m'nyumba muno, koma anayamba ndi ine, anapitilila kwa amalume anga, anathela kwa aphunzitsi amene anandiphunzitsa kuwelenga mawu akuti yuleya. A Chanda anatembenuka kuyang'ana kuthengo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Musaganize kuti zinathela pomwepo. Amai Daka anali atalonjeza kale mpando wa makina kwa munthu wina, ndiponso munthu wamkulu savomela msanga kuti analakwila wantchito. A Mwanza anabwelela ku makala. Apa ndiye panayambila ntchito yanga, ndipo amene muli m'matope amene ndinalimo, mvelani.

Choyamba chimene ndinachita, ndinagona masiku anai kwa mbusa wa ku Ndake, ndikunjenjemela, kusanza, kuona zinthu zoyenda pakhoma. Musachite zimenezi muli nokha, ine anandipelekeza kukiliniki tsiku lachiwili ndipo anandithandiza. Nditapezako bwino, a Chanda anabwela ndi pampu yatsopano, anandilola kutsuka thanki katatu ndi kupala bawuti ija mpaka iwale. Pochoka anandisiyila mita yawo yakale, ya galasi losweka, n'kundiuza kuti khutu ndisataye, koma magetsi salila, amayezedwa. Mpaka lelo ndimayenda m'njila yawo: batile, fyuzi, lileyi, pulagi, ethi, pampu pomalizila. Mwa makina amene ndaitanidwako chichokele apo, ambili pampu inalibe mlandu.

Kenaka Lolemba lililonse ndinkakhala pa geti la amai Daka ku Petauke. Sindinkapempha ntchito yanga, ndinalibe nkhope imeneyo. Ndinkangoti ndabwela za a Mwanza. Sabata yoyamba anandimasulila galu. Yachitatu galu anayamba kundizolowela. Yachisanu ndi chimodzi anatuluka okha n'kunena kuti atopa kundiona, ndikauze a Mwanza abwele mailo ndi laisensi yawo. Ndinamva kuti anawapepesa m'nyumba, zitseko zotseka, mawu otsika kwambili.

Za kutsuka kukhosi ndinapeza njila. Munthu akati tiyeni, ndimati khosi ndinatsuka kale lonse, ngati mwakondwa ndipatseni nkhuku. Lelo pakhomo pali nkhuku zoti sitigona nazo tulo. Ndati pakhomo chifukwa amake Tisa anandilandila, atatumiza mlongo wawo kukafunsa kwa amai Daka ngati ndanenadi. Thumba la yuleya amasunga kwa amai awo. Sindidandaula. Papita zaka ziwili ndi miyezi itatu ndisanalawe, ndipo pali masiku amene ndikadutsa pamene akutcheza kachasu miyendo imafuna kukhota yokha. Masiku otelo ndimabwela kuno kudzakhala nanu.

Damu litatha ndinalimba mtima n'kufunsa a Mwanza chifukwa chimene ananditolela m'ngalande, munthu amene ndinawadyetsa makala. Ndinkayembekeza mawu a m'Baibulo. Anandiuza kuti m'mawa uja anabwelela panjila ataiwala chipewa, anandiona ndi ndowa yanga. Ndinafunsa kuti nanga osanena bwanji miyezi yonseyi.

"Ndikananena ine, akanati ndikudziteteza. Zinafunika zituluke pakamwa panu. Munali mboni yanga imodzi yokha, a Tembo, sindikanalola kuti mufele m'makoko a nthochi."

Tinaseka tonse awili. Kenaka anandiuza chimene sindinkadziwa. M'miyezi ija, kuti ana asasiye sukulu, anagulitsa ng'ombe yawo yolimila, imene anailela kuyambila ili thole. Ananena mopanda mkwiyo, akuyang'ana madzi a m'damu. Ine kuseka kunandithela. Ntchito inabwelela, dzina lawo linayela, koma ng'ombe ija inadyedwa kale ku Lusaka, ndipo palibe kulapa kumene kungaibweze.

Ndiye inu amene mwakhala apa muli ndi a Mwanza anu, musadikile kuti akumangeni pa njinga. Pitani mukanene akadali ndi ng'ombe. Ine mvula yoyamba ikagwa musandifune ku galaja. Ndimakhala ku Ndake ndi khasu, kuyambila mzele woyamba mpaka munda wawo utatha, chaka chino ndi chachitatu. A Mwanza akandiona ndikutulukila panjila, amaitana akazi awo kuti ng'ombe yafika, aipatse madzi isanayambe. Ndimamwa madziwo, ndimawelama, ndimalima. Ambuye akusungeni nonse, ndakhala pansi.